Maganizo anga: musanyoze kontirola yotchipa, onani kaye mmene mwailumikizira

Anzanga amene mumadzipangira makina oswera mazira, kabokosi kowiritsira yogati kapena firiji yofululira mowa, ndili ndi mawu pa tizipangizo totchipa towongolera kutentha, monga STC-1000, W1209 ndi Inkbird ITC-308. Mazira akapanda kuswa kapena firiji ikafa, mlandu umagwera kontirola, ati chifukwa ndi yotchipa. Ine ndikukana. Ntchito ya kontirola ndi yochepa, kuwerenga sensa, kuyatsa ndi kuzimitsa basi, ndipo imeneyi imaigwira bwino. Zimene zimagwetsa anthu zili kunja kwake: kukula kwa hita, pamene sensa yakhala, ndi katundu amene relay (kaswichi ka mkati mwa kontirola kamene kamayatsa ndi kuzimitsa) yasenzetsedwa.

Tiyambe ndi mawaya. Kumbuyo kwa STC-1000 kuli malo asanu ndi atatu omangirapo waya. Pa 1 ndi 2 ndi pamene kontirola imalandirira magetsi, pa 3 ndi 4 ndi pa sensa, pa 5 ndi 6 ndi pa hita, pa 7 ndi 8 ndi pa firiji. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti pa 5 mpaka 8 sipatuluka magetsi. Ndi maswichi chabe. Mukalumikiza mawaya awiri a hita pa 5 ndi 6, kanyali kadzayaka, relay idzalira kuti "tiki", koma hita ili zii. Muyenera kutenga waya wa live, kuulowetsa pa 5, kenako kuchokera pa 6 upite ku hita. Neutral ndi earth zipite ku hita mwachindunji, zisadutse mu relay. W1209 nayo ndi chimodzimodzi pa K0 ndi K1, kungoti iyo imadya mavoti 12 a DC. Onaninso chizindikiro pa bokosi, chifukwa STC-1000 ilipo ya mavoti 12, 24, 110 ndi 220, ndipo zonse zimaoneka mofanana. Ngati simunazolowere magetsi a m'nyumba, gulani ITC-308 yomwe ili ndi masoketi kale, kapena pezani katswiri wa zamagetsi. Apa si poyesera mwayi.

Mu menyu ya STC-1000 muli zinthu zinayi. F1 ndi kutentha kumene mukufuna. F2 ndi mpata umene kontirola imalola isanayatse chinthu. Mukaika F1 pa 37.6 ndi F2 pa 0.3, hita imayaka kutentha kukatsika kufika pa 37.3, n'kuzima pa 37.6. Kwa mazira a nkhuku, amene amafuna madigiri 37.5 mpaka 37.8 kwa masiku 21, mpata waung'ono chotere ndi woyenera. Kwa firiji ayi, uikeni pa 0.5 kapena 1, apo ayi kompuresa, mota yopopa gasi woziziritsa mu firiji, izingoyaka ndi kuzima. F3 ndi mphindi zodikira kompuresa isanayakenso, ndipo imabwera ili pa 3. Musaitsitse. Kompuresa ikangozima, gasi amakhala adakali wothinana mbali imodzi, ndipo mota ikayesa kuzungulira nthawi yomweyo imakanika, imakoka magetsi ochuluka n'kutentha. Ikachita zimenezi kambirimbiri imapsa. Ine ndimakonda mphindi 5. F4 ndi yokonzera sensa ikamanama.

A W1209, kumbukirani kuti mu menyu yake P0 imabwera ili pa C, kutanthauza kuziziritsa. Pa hita isintheni ikhale H. P1 imabwera ili pa madigiri 2, mpata umene ndi waukulu kwambiri kwa mazira.

Tsopano nkhani imene ndikufuna tikhalepo pang'ono, ya kukula kwa hita. Anthu amaganiza kuti hita yamphamvu ndiye yabwino chifukwa imatenthetsa msanga. Tiwerengere. Mpweya wa m'bokosi la malita 50 umangofuna ma joule (muyeso wa mphamvu) pafupifupi 60 kuti ukwere digiri imodzi, pamene hita ya mawati 100 imatulutsa ma joule 100 pa sekondi iliyonse. Sensa ili m'kachitsulo kake, imatenga masekondi angapo kuti imve kusintha. Pamene kontirola ikuzimitsa, mpweya udadutsa kale pa mlingo, komanso chitsulo cha hita chidakali chotentha, chikupitirizabe kutulutsa kutentha. N'chifukwa chake mumaika 37.6 koma mukuona 39. Kontirola siinalakwe, yazimitsa pa nthawi imene inauzidwa. Chepetsani hita. Pa bokosi laling'ono lotsekedwa bwino, mawati 25 mpaka 60 kawirikawiri amakwana, ndipo mudzadziwa kuti mwapeza yoyenera ikamayaka pafupifupi theka la nthawi. Ikani fani yaing'ono ya kompyuta izizungulira nthawi zonse, isalumikizidwe ku relay, chifukwa popanda fani pamwamba pa bokosi pamatentha kuposa pansi ndi madigiri angapo. Ikaninso mabotolo awiri a madzi otsekedwa. Lita imodzi ya madzi imafuna ma joule pafupifupi 4,200 kuti ikwere digiri imodzi, ndiye imagwira kutentha kuti kusamalumphelumphe, ndipo magetsi akathima bokosi silizizira msanga.

Sensa imayeza pamene ili, osati pamene inu mukuganiza. M'makina a mazira ikhale pa msinkhu wa pamwamba pa mazira, kutali ndi hita, isakhudze khoma, ndipo ngati mukugwiritsa ntchito babu, kuwala kwake kusaiwombe mwachindunji. Pofulula mowa, musailendeweretse mu mpweya wa m'firiji. Yisiti akamagwira ntchito amatulutsa kutentha, moti mkati mwa chidebe mumatentha kuposa mpweya wozungulira. Imatireni ndi tepi pakhoma la chidebe, pansi pa mlingo wa mowawo, n'kuiphimba ndi kachidutswa ka siponji kuti izimva chidebe osati mpweya. Mukatero 18 kapena 20 amene mukuona pa sikirini ndi wa mowa weniweni. Sensa ikalendewera mu mpweya, ndiye pamene hita ndi firiji zimayamba kulimbana: firiji yapitirira kuzizira, hita yayaka, yapitirira kutentha, firiji yayakanso, magetsi akungopita.

Sensa zimenezi ndi za mtundu wa NTC 10k, kutanthauza kuti zimaonetsa ma ohm 10,000 pa madigiri 25. Koma si zonse zofanana, zina ndi za B 3435, zina za B 3950 (nambala ya B imasonyeza mmene ma ohm amasinthira kutentha kukasintha). Mukasinthanitsa, pa 25 zidzagwirizana koma mukamatalikira pamenepo zimasiyana. Sensa yanu iyeseni musanaikhulupirire. Dzazani kapu ndi ayisi wophwanya, thirani madzi pang'ono, takasani, dikirani mphindi zingapo, iyenera kuonetsa 0. Ikaonetsa 0.6, ikani F4 pa -0.6. Madzi owira musayesere, chifukwa kumalo okwera amawira asanafike pa 100. Kwa mazira ndi bwino kuyesa pafupi ndi pamene mudzagwirire ntchito: ikani sensa ndi themomita ya kuchipatala m'kapu imodzi ya madzi ofunda a madigiri 37 kapena 38, muyerekeze. Waya wa sensa usayende limodzi ndi waya wa magetsi, manambala amavina. Waya wa sensa ukaduka kapena kugundana, STC-1000 imalemba EE, imalira n'kuzimitsa zonse.

Za relay. Pa bokosi palembedwa 10A, ndipo pa mavoti 220 amenewa ndi mawati 2,200. Nambala imeneyi ndi ya katundu wofatsa ngati hita, ndipo ndi malire, si pokhalira tsiku lonse. Ine sindingapitirire ma amp 6 kapena 7. Kompuresa poyamba kuzungulira imakoka magetsi kuwirikiza kangapo kuposa ikakhazikika, ndiye firiji yaing'ono palibe vuto, koma filiza yaikulu kapena hita ya madzi zimafuna contactor (relay yaikulu) kapena SSR (relay yopanda timano toyenda) pakati, kontirola izingolamula. SSR imataya pafupifupi wati imodzi kapena kuposa pang'ono pa amp iliyonse, choncho imafuna chitsulo choziziritsira, ndipo zotchipa zambiri sizifika pa ma amp amene zalembedwa, tengani yokulirapo. Mangani masikuluwu zolimba, waya wolobodoka ndi amene amasungunula pulasitiki. Firiji yoyenera ntchitoyi ndi yachikale ya kachiwongolero kopotokola ndi dzanja, muike pozizira kwambiri kuti kontirola yanu ndiyo izilamulira. Zamakono zokhala ndi kompyuta mkati sizikondwa kuzimitsidwa magetsi pafupipafupi.

Ena amati yankho ndi kugula kontirola ya PID, imene imachepetsa mphamvu ya hita kutentha kukamayandikira mlingo, monga REX-C100. Pa uvuni kapena chinthu chotentha kwambiri, inde, chifukwa imagwiritsa ntchito sensa yotchedwa thermocouple ya mtundu wa K imene imapirira mazana a madigiri, pamene STC-1000 imathera pa 99. Koma pa firiji PID si yoyenera, imayatsa ndi kuzimitsa pa masekondi, ndipo siichiza sensa yoikidwa polakwika.

Pomwe ndimavomereza kuti kontirola yotchipa ndi yoopsa ndi pamalo amodzi. Relay ikakalamba, timano take tikhoza kumatirirana, ndipo SSR nayo kawirikawiri imafa ili yoyatsa. Sikirini izionetsa kuti yazimitsa, hita ikuyakabe. Choncho hita iliyonse yosiyidwa usiku ikhale ndi chitetezo china pa waya wa live: fyuzi yodulidwa ndi kutentha, kapena kaswichi ka KSD301 kamene kamatseguka kokha. Ka madigiri 45 kamateteza nyumba ku moto, koma mazira amakhala atafa kale, popeza sapirira nthawi yaitali pamwamba pa 40. Kuti mupulumutse mazira, ikani kontirola yachiwiri motsatizana ndi yoyamba pa waya wa live wopita ku hita, yokhala ndi sensa yakeyake, muiike pa 38.5. Kenako yendetsani bokosi lopanda mazira kwa maola 24 mpaka 48, muone manambala a masana ndi a usiku, musanaikemo dzira ngakhale limodzi.