Kachasu wa agogo ako ndi "craft gin" yako, moto wake ndi umodzi

Ndakhala chete kuyambira Loweruka koma mtima ukukana. Ndilankhula basi, wokwiya akwiye.

Mwana wa mlongo wanga, mnyamata woti ndinamunyamulapo ali khanda ku Mufakose, kuno ku Harare m'dziko la Zimbabwe, anapita kukaphunzira kutcheza mowa. Kosi ya tsiku limodzi, kumayadi uko mbali ya ku Borrowdale. Ndalama imene analipira ikanakwana lendi ya chipinda mwezi wathunthu kuno kwathu. Pamenepo ndilibe nazo, ndalama ndi yake, amakhetsera yekha thukuta. Loweruka anabwera pamsonkhano wa banja atanyamula botolo lolembedwa dzina lake, nkhope ili ngwee. Anayamba kutifotokozera za kampoto kamkuwa, za moto wapansipansi, za nthunzi imene imadutsa m'paipi n'kuzizira n'kuyamba kudontha. Ine ndinakondwa. Ndinati, "Mwanawe, ndiye kuti luso la agogo ako lakutsata. Amayi anga ankachita zomwezi." Iye kundiyang'ana ngati ndamutukwana. Amvekere, "Ayi amalume, musasakanize zinthu. Agogo ankaphika kachasu, poizoni wa anthu osaphunzira. Yangayi ndi craft gin."

Poizoni wa anthu osaphunzira! Akunena amayi anga amene ali kumanda, pamaso pa amayi ake omubereka, pamaso pa tiana timene tinakhala pamkeka tikumvetsera. Nsima inandikanika pomwepo.

Tandiuza iwe wophunzira, n'chiyani chimene anakuphunzitsa kumeneko chimene agogo ako sankachidziwa? Anakuuza kuti mowa umasanduka nthunzi msanga kuposa madzi, pa madigiri 78 pomwe madzi amadikira 100. Chabwino. Agogo ako manambala amenewo sankawadziwa, koma ankadziwa kuti moto ukalilima mowa watha ntchito, ndiye ankasolola chikuni chimodzi n'kusiya makala. Ankagwira mbiya ndi kuseri kwa dzanja n'kudziwa pamene yafika. Anakuuza kuti madontho oyamba uziwataya, pakati ndiye pabwino, zakumapeto n'zosukuluka ndipo zimanunkha. Agogo ako madontho oyambirira ankawathira pansi, mutu ankauika m'botolo lakelake, wotsatira m'botolo lina, ndipo zakumapeto ankazibwezera m'mbiya ya mawa. Anakuuza kuti madzi oziziritsira paipi asamatenthe. Nanga ife tinkalawirira kuchitsime mbandakucha ndi zidebe pamutu, unkayesa tikukatungira ndani? Ine amene ndikulemba pano ndinasinthapo madzi m'chomwera chija mpaka manja kuchita dzanzi m'mwezi wa June.

Ntchito yake ndi imodzi. Uwiritse, nthunzi ikwere, iziziritsidwe, idonthe. Iwe unachitira m'kampoto konyezimira pa tebulo loyala nsalu, iwo ankachitira m'mbiya yomata ndi dothi kuseri kwa nyumba. Iwe unakapeza mowa woyera wotchezeratu kufakitale, n'kungothiramo zipatso za juniper ndi makoko a ndimu, n'kuutchezanso. Wekha unatiuza zimenezo. Iwo ankayambira pa madeya, shuga ndi madzi, n'kudikira masiku mpaka zitawira zokha, kumvetsera ndi khutu ngati thovu lasiya kulira. Nthawi ya masau ankagula thumba lochokera kuchigwa cha Zambezi, ku Muzarabani uko, n'kutcheza mowa wonunkhira mpaka anthu ochokera ku Mbare ankabwera kudzaufunsa. Ndiye wodziwa ntchito ndani pamenepa, amene anayambira pa gaga kapena amene anangomalizitsa za eni ake?

Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti kachasu amene ukumunyozayo ndi amene anaphunzitsa amayi ako. Abambo athu anachoka ku Dedza kubwera kuno mzinda uno ukutchedwa Salisbury, anagwira ntchito yaukhukhi kwa azungu mpaka msana unapindika, malipiro ake osakwana n'thumba la ufa lomwe. Yunifolomu ya amayi ako inachokera m'mbiya ija. Fizi inachokera m'mbiya ija. Makope, nsapato zoyamba, ndalama ya mayeso, zonse zinadontha dontho limodzilimodzi usiku anthu ali m'tulo. Amayi ako anaphunzira, anapeza ntchito, anakuphunzitsa iwe, iwe wapeza madola okalipira kosi ku Borrowdale. Ukalondola bwino chingwe chimenechi, botolo lako lolembedwa dzinalo analipira ndi agogo ako omwewo. Lero ukuwatcha osaphunzira. Osaphunzira amene anakuphunzitsira mtundu wonse!

Ndikudziwa muyankha kuti chiyani, poti ena mwayamba kale kundiimbira foni. Mukuti kachasu amapha. Ndikudziwa, maliro ake ndayendapo ambiri kuposa inu. Koma amene akupha anthu ndi adyera amene amathiramo feteleza ndi mankhwala ena kuti ziwire msanga, ndi amene amatchezera m'migolo yadzimbiri imene munali zinthu zoopsa, ndi amene amasungunula spiriti wa m'mafakitale n'kumagulitsa ngati mowa. Methanol amachititsa khungu, amapha, zimenezo palibe akutsutsa. Koma amayi anga sanathirepo kanthu kachilendo m'mbiya mwawo, ndipo mowa uliwonse ankayamba aulawa okha asanapatse munthu. Musawaike m'thumba limodzi ndi zigawenga zimenezo. Ndiponso jini wakoyo ukamumwa mosadziletsa chiwindi chimapsa chimodzimodzi, sichifunsa kuti botolo linali ndi chizindikiro chokongola kapena ayi.

Ine sindikudana ndi maphunziro. Ndimvetseni bwino pamenepa. Kuyeza kutentha ndi chipangizo n'kwabwino kuposa kuyeza ndi dzanja. Kuyeza mphamvu ya mowa kuti udziwe ngati uli pa 40 peresenti kapena wapitirira n'kwabwino. Mkuwa umachotsa fungo loipa m'mowa, ndipo amayi anga akanapeza mpoto wamkuwa akanavina. Chimene ndikukana n'chakuti munthu uphunzire tsiku limodzi, upatsidwe kapepala, kenaka uzitukwana amene anagwira ntchitoyo moyo wawo wonse. Tsiku limodzi! Ngakhale kuphika thobwa sungakudziwe tsiku limodzi.

Ndipo taonani kukondera kwake. Chinthu chomwecho akachita wovala epuloni kumayadi, anthu amaomba m'manja, amajambula zithunzi n'kuika pa Instagram, amati ndi luso. Akachita mayi wa ku Epworth kapena ku Dzivarasekwa amathamangitsidwa, mbiya kuswedwa, iye kukagona m'chitolokosi. Lamulo la dziko lino, Harmful Liquids Act, limatchula kachasu ndi dzina lake kuti ndi woletsedwa, ndipo linabwera ndi atsamunda amene sankafuna kuti munthu wakuda apeze ndalama kunja kwa mabawa awo. Pomwe fakitale ya African Distillers ku Stapleford yakhala ikutcheza mowa kuyambira kalekale, ndi ziphaso zake zonse, ndipo palibe amaitcha ya anthu osaphunzira. Kwathu ku Malawi timanyadira Malawi Gin, alendo amanyamula mabotolo pobwerera kwawo. Nthunzi yake ndi yomweyo imene inkatuluka m'mbiya ya amayi anga. Kusiyana kwake ndi chiphaso ndi ndalama zogulira chiphasocho, basi.

Ngati makosi amenewa alidi ofuna kuphunzitsa, bwanji sabwera ku Mbare, ku Mabvuku, ku Tafara, pamtengo woti mayi wamba angakwanitse? Bwanji osatenga amayi amene akudziwa kale ntchitoyi, kuwapatsa zoyezera, kuwaonetsa njira yopezera chiphaso, kuti mowa wawo uziyezedwa usanafike pakamwa pa munthu? Sangatero, poti akatero "craft" ija isiya kuoneka yapamwamba. Akufuna achinyamata athu azilipira madola kuti aphunzire zimene agogo awo akanawaphunzitsa ulere pakhonde, kenaka azibwera kudzatiuza kuti tsobola wakale sawawa. Amawawa, mwanawe. Mpaka lero ku Mufakose kuli madala amene akamva dzina la agogo ako amavula chipewa.

Mlongo wanga anangoti, "Achimwene, musiyeni, ndi mwana." Mwana wa ndevu? Mwana woyendetsa galimoto? Ine ndikanalankhula choncho za agogo anga ndikanagona panja. Sindinamumenye, sindinamutukwane, ndinangonyamuka n'kukakhala panja. Botolo lake analisiya patebulo kuti ndilawe. Lidakali pomwepo, sindinalitsekule, ndipo sindilitsekula mpaka adzabwere kudzapepesa kwa amayi ake.

Ndipo matenda amenewa si a mowa wokha. Ana athu ambiri kuno ku Harare akuchita manyazi ndi chilichonse chochokera kwa makolo awo. Anzawo akawaseka kuti Mabhurandaya, dzina lonyoza anthu ochokera ku Malawi, m'malo moimika mutu amathamangira kusintha mfunda kuti umveke wa Chishona. Ukawalankhula Chichewa mu kombi amayang'ana pawindo ngati sakukudziwa. Gule wamkulu akatuluka amati ndi zaufiti. Ife tinakula ndi zitupa zolembedwa "alien" ngakhale tinabadwira konkuno, tinadikira mpaka malamulo atsopano a 2013 kuti tiwerengedwe ngati nzika, koma sitinakanepo amayi athu tsiku ndi limodzi lomwe. Koma maliro akagwa, foni yoyamba amaimbira ife omwewo a sosaite ya maliro, kuti amalume bwerani, sitikudziwa poyambira, nyimbo zake sitikuzidziwa, bokosi tiligula kuti.