Inu otsukira tsitsi padooko, tamverani

Ndinanena pamaliro, ndinanenanso kutchalitchi. Lero ndilembe pano, poti maso anu amatandala pafoni.

Loweruka ndinatsikira ku Bua kukathirira dimba. Padooko ndinapeza atsikana atatu, wina ataweramira m'madzi, mnzake akumutsuka mankhwala owongolera tsitsi, fungo lochita kulasa m'mphuno. Timapepala ta shampu ndi sopo waufa tili mbwee pamchenga, thewera logula lija litakodwa m'bango. Chakumunsi pang'ono, kamwana kakutunga madzi ophikira nsima. Ndinati, "Ana inu, popaka mankhwalawa mumavala magolovesi. Nanga mlamba uvale chiyani?" Anangoseka, ati agogo zakale.

Zakale? Ambiri mwa mankhwala owongolera tsitsiwa muli soda woyabwa uja, n'chifukwa chake akakhalitsa m'mutu mumatuluka zilonda. Koma amene amandisowetsa tulo ndi mafuta oyeretsa khungu, omwe masiku ano ndi anyamata omwe akudzola. Ena mwa mafutawa muli mercury, chitsulo chapoizoni, ndipo pabotolo salemba. Mercury saola. Mukasamba amatsikira m'matope, n'kulowa m'tizilombo, m'nsomba, mpaka m'mbale ya mayi woyembekezera, kumene amakaononga ubongo wa mwana asanabadwe. Ku Minamata, ku Japan, matenda ake anadziwika mu 1956, anthu akunjenjemera ndi kufa atadya nsomba. Kumeneko inali fakitale, kuno ndi timabotolo ta pamsika, koma poizoni wake ndi yemweyo.

Mumati madzi oyenda amatenga zonse. Amapita nazo kuti? Bua akuchokera ku Mchinji, akudutsa kuno ku Kasungu, akukathira m'nyanja ku Nkhotakota, kumene mpasa imakwera mtsinje kudzaswana. Ndipo mu Okutobala muno madziwo akuyenda pati? Angotsala mathamanda, thovu la dzulo mumalipeza pomwepo, ndere zitabiriwira ngati udzu. Musanyengedwe ndi klorini: amapha tizilombo ta kolera, mercury samukhudza. Kuwiritsa n'chimodzimodzi.

Tungani m'ndowa, mukasambire kubafa kwanu. Madzi otsukira tsitsi, inunso a saluni pa tradingi, muzithira m'dzenje lotalikira mtsinje ndi chitsime, osati m'ngalande. Nkhaniyi ndakaitula kale kwa a Gulupu. Amene ndikamupezenso ataviika mutu padooko, akonzeretu nkhuku ya chindapusa.