Ma dolphin a ku Laguna ndi asodzi awo

Ku Laguna, kum'mwera kwa Brazil, asodzi amandanda m'madzi olekeza m'chiuno, ukonde woponya uli chire m'manja. Madziwo ndi amatope, nsomba sizioneka, ndiye maso onse amakhala pa ma dolphin, nyama za m'nyanja zija zoyamwitsa ana. Dolphin imakusa nsomba zotchedwa tainha mpaka kufupi ndi gombe, kenako imapinda msana n'kumira mwadzidzidzi, pena imamenya madzi ndi mutu. Apo msodzi aponye pompo. Akazengereza, ukonde ubwera wopanda kanthu.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti dolphin siyembekezera kupatsidwa. Ukonde ukagwa nsomba zimabalalika, iyo n'kumatola zosokonezekazo, mwinanso kusolola imodzi kunsi kwa ukonde womwewo. Imameza yathunthu, mutu patsogolo, poti mano ake ndi ogwirira basi, satafuna. Aliyense amadya thukuta lake.

Papita zaka zoposa 100 zili chonchi. Asodzi anawapatsa mayina, amawazindikira ndi zipsera za pachipsepse cha pamsana, ndipo amadziwa kuti uyu ndi wogwira naye ntchito, uyo amangodzisakira yekha. Mwana wa dolphin amasambira pambali pa make n'kumaonera, monga mnyamata amaonera bambo ake kuponya ukonde. Mu 2023, wasayansi wina dzina lake Mauricio Cantor ndi anzake anapeza kuti ma dolphin osodza ndi anthu ali ndi mwayi wokulirapo ndi 13 peresenti wokhalabe ndi moyo, kuyerekeza ndi anzawo osaka okha.

Koma tainha zikuchepa. Zombo zikuluzikulu zimazikokolola panyanja pa nthawi imene zikupita kukaswana, makamaka pofuna mazira ake omwe ali ndi msika kunja. Ma dolphin a pamalopo ndi pafupifupi 60 okha, ndipo ena amafera m'maukonde otchera.

Timagawana mavidiyo awo pa Facebook n'kumati akomerenji, koma za chakudya chawo tili duu. Zimandipweteka. Ine ndikuti amene akufunadi kuteteza ma dolphin amenewa ayambire pa malire a tainha zimene zombo zimaloledwa kugwira. Nsomba zikapanda kufika m'miyezi yozizira ya May mpaka July, msodzi asiya kuima m'madzi muja, make wa dolphin asiya kupereka chizindikiro, ndipo mwana wobadwa chaka chino adzakula osachionapo.