Petulo kuseri kwa bedi, mwapenga kodi?

Loweruka lapitali ku Chawama mu Lusaka mwana wapsa miyendo, nyumba ya lendi yatsala zipupa zokhazokha. Bambo ake anamva pa WhatsApp kuti mafuta asowa, n'kuthamanga kukadzaza zigubu za petulo, n'kuzibisa kuseri kwa bedi. Malaiti atapita, mayi anasonkha mbaula pakhomo pomwepo. Zotsatira zake musandifunse.

Anthu inu, nzeru munazisiya kuti? Petulo ndi ufa woti muziunjika m'nyumba? Wina chigubu chili pansi pa tebulo, kandulo pamwamba. Wina akuthira mafuta jenereta ili chilirire, ati angaphonye chigoli. Wina usiku wailowetsa m'khitchini, mazenera tsekeretu, poopa akuba. Utsi umenewo sudzutsa munthu, umagoneka banja lonse mpaka kumanda.

Mavuto tikuwaona tonse, sindikukana. Mvula inatikana mu 2024, a Pulezidenti Hichilema n'kulengeza pa 29 February kuti chilala chija ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anaphwera ku Kariba, malaiti tinkawaona maola atatu okha patsiku. Nyengo yasokonekera, ndipo mmene mitengo ikutheramu m'matumba a malasha, zimenezi zibweranso.

Koma kodi mukudziwa kumene achokera mafuta mukuseweretsawo? Zambia ilibe chitsime cha mafuta ngakhale chimodzi, dontho lililonse timagula ndi madola. Dizilo imayenda makilomita 1,710 m'paipi ya TAZAMA kuchoka ku Dar es Salaam kukafika ku Ndola. Petulo imabwera pa mathanki apamsewu, kudzera ku Nakonde ndi Chirundu. Fakitale ya mafuta ya Indeni ku Ndola inaleka kale kuyenga. Ndiye thanki ikangochedwa pamalire, inu mwadzaza kale pa filing'i siteshoni, aliyense ndi zigubu zake. Mzere ulekerenji kutalika? Waminibasi wopita ku Matero amwetse chiyani? Nanga ambulansi? Kusowa kumene mukulirako, kwina mukukupanga ndinu.

Nanunso anyamata amene mumasunga petulo kudikira kuti ERB, bungwe loika mitengo ya mafuta, ikweze mtengo, kenako muzigulitsa m'mabotolo m'mbali mwa msewu, ndudu ili kukamwa, pafupi ndi amayi okazinga vitumbuwa: phindu lakelo lingagule bokosi la maliro?

M'komboni nyumba ndi zogundana. Moto wanu sudzafunsa kuti chigubu n'cha ndani, ndipo galimoto yozimitsa moto ilibe polowera. Tulutsani zigubuzo lero lomwe. Musadzabwere ndi mbale kudzatipempha chopereka.