Chenjezo kwa abale a kuno ku Joni pa za zibangili za "superconductor" ndi makina a MRI

Abale anga, amayi ndi abambo, ndi inu ana athu amene mwabwera posachedwa kudzasaka ntchito kuno ku Johannesburg, ndikulemba ndi mtima wowawa chifukwa cha zimene ndinaona sabata yatha. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuperekeza odwala a mumpingo mwathu ku chipatala kuti ndiziwamasulira zimene madokotala akunena, ndipo ndaona zolakwika zosiyanasiyana, koma sindinachitepo mantha ngati tsiku limenelo.

Mnyamata wina wa kwathu, wogwira ntchito yomanga, wakhala akuvutika ndi msana, ndipo atadikira miyezi ingapo anapatsidwa tsiku loti akaunikidwe ndi makina a MRI, amene amajambula m'kati mwa thupi pogwiritsa ntchito maginito amphamvu kwambiri. Anamupatsa pepala lofunsa ngati ali ndi chitsulo chilichonse pathupi kapena m'thupi, ine ndikumumasulira funso lililonse, iye n'kumangoyankha kuti ayi. Tili pakhomo penipeni pa chipindacho, mayi woyendetsa makinawo anaona chinthu chatukumuka pansi pa malaya a chipatala. Chinali chibangili chimene anachikankhira m'mwamba mwa chigongono kuti chisaoneke, ndipo m'chiuno munali chithumwa chosokedwa ndi singano m'kati. Nditamufunsa, anandiuza kuti amene anamugulitsa chibangilicho m'misewu ya kufupi ndi Park Station ananena kuti ndi cha "superconductor", kuti chimayendetsa bwino magazi, ndiponso kuti akachivula ngakhale kamodzi mphamvu yake itha. Anachigula ndi malipiro a masiku awiri athunthu onyamula simenti.

Mawu amenewa ndi enieni a sayansi, ndipo n'chifukwa chake amalonda osaona mtima akuwakonda. Waya wamba amalimbana ndi magetsi odutsa mwa iye, ndipo kulimbanako n'kumene kumatenthetsa mbaula ndi ketulo. Mu 1911, katswiri wa ku Leiden m'dziko la Netherlands, Heike Kamerlingh Onnes, anaziziritsa chitsulo cha mercury kufika pa madigiri pafupifupi 269 pansi pa ziro, n'kupeza kuti kulimbana konse kwatheratu, moti magetsi akalowa mu waya wozungulira amangoyenda osatha. Chinthu chochita zimenezo ndiye superconductor. Kumbukirani kuti firiji ya m'nyumba, malo oumitsira nyama aja, imangofika pa madigiri 18 pansi pa ziro. Mu 1986 ndi 1987 akatswiri anapeza zinthu zina zosafuna kuzizira kofika pamenepo, komabe nazonso zimaviikidwa mu nitrogen wamadzi, amene ali pa madigiri 196 pansi pa ziro. Mu 2023 dziko lonse linatekeseka ndi chinthu chotchedwa LK-99 cha ku South Korea, chimene ankati chimagwira ntchito popanda kuziziritsa, koma akatswiri a m'mayiko ena atachiyesa anapeza kuti sizinali choncho. Tsono ngati mayunivesite akuluakulu sanachipezebe, mwana wanga, ukuganiza bwanji kuti chili pa katebulo ka m'mbali mwa msewu, pakati pa malamba ndi machaja a foni? Thupi lako limatentha madigiri 37 pamwamba pa ziro, ndipo palibe chitsulo chovala pamkono chimene chingakhale superconductor pa kutentha kotero.

Ndisanamizire onse, chifukwa pali chitsulo chimodzi chimene chimapezekadi mbali zonse ziwiri, m'makina ndiponso m'zodzikongoletsera. Dzina lake ndi niobium. Chambiri chimakumbidwa ku Brazil, ndipo amene mumachokera kumpoto mukudziwa kuti ngakhale kwathu chilipo m'nthaka ya ku Kanyika, m'boma la Mzimba. Osula ndolo ndi mphete amachikonda chifukwa sichiyabwa pakhungu ngati zitsulo zosakaniza ndi nickel, ndipo akachidutsitsa magetsi chili m'madzi chimasintha mtundu n'kukhala chobiriwira, chachikasu kapena chofiirira popanda penti. Mlongo wanga amene makutu amatupa ndi ndolo wamba, gulani ndolo za niobium ngati mwazipeza zenizeni, zimenezo n'zanzeru. Koma dziwani kuti mwagula chokongoletsera chabe. Niobium amakhala superconductor akazizira kufika madigiri pafupifupi 264 pansi pa ziro, ndipo pa khutu lanu ndi chitsulo wamba chosachiza nyamakazi, shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Chimene chimandikwiyitsa kwambiri n'chakuti ndamva za amayi achikulire amene achepetsa kumwa mapiritsi awo a BP chifukwa mwana wawatumizira chibangili chochokera ku Joni. Inu amene mumatumiza zimenezi pa basi, mukuika moyo wa makolo anu pachiswe ndi ndalama zanu zomwe.

Mphamvu yeniyeni ya chitsulochi ili m'chipinda chimene mnyamata uja amafuna kulowamo monyenga. M'makina ambiri a MRI a m'zipatala zikuluzikulu muli waya wa niobium wosakaniza ndi titanium, wokulungidwa kambirimbiri ndi kumizidwa mu helium wamadzi, mpweya woziziritsidwa kwambiri mpaka kusanduka madzi.  Maginito a MRI nthawi zambiri amakhala a matesla 1.5 kapena 3 (tesla ndi muyeso wa mphamvu ya maginito), ndipo a 1.5 okhawo amaposa mphamvu ya maginito a dziko lapansi pafupifupi ka 30,000. Mfundo imene ndikufuna ikhazikike m'mitima mwanu ndi iyi: popeza magetsi a mu superconductor satha, maginitowo sazima. Amakhala akukoka usana ndi usiku, pamene mulibe wodwala, pamene makinawo ali chete, ngakhale pamene magetsi athima m'dera lonse. Kuti awazimitse mwadzidzidzi amayenera kutulutsa helium yense, ntchito yodula kwambiri imene imaimitsa makinawo kwa masiku, ndipo odwala onse amene anali pamzere amabwezedwa kunyumba. Diso silioona kanthu, khutu silimva kanthu, koma ukangoyandikira pakamwa pa makinawo, chitsulo chimachoka m'manja ngati chaponyedwa ndi legeni.

Anthu afa nazo zimenezi. Mu 2001 ku New York mwana wa zaka 6 anamwalira silinda ya okosijeni itakokedwa n'kumumenya m'mutu ali m'makina. Mu 2018 ku Mumbai bambo wina amene anangobwera kudzathandiza mbale wake wodwala anamwalira atalowa m'chipinda cha MRI atanyamula silinda. Mu Julaye 2025, ku New York komweko, bambo wa zaka 61 analowa m'chipinda mmene ankaunika mkazi wake, atavala tcheni cholemera makilogalamu pafupifupi 9 m'khosi, ndipo makinawo anamukoka, n'kumwalira tsiku lotsatira. Taonani kuti awiri mwa atatuwa sanali odwala, anali operekeza ngati ine ndi inu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ena mudzati tcheni changa ndi chagolide ndipo golide sakokedwa ndi maginito. N'zoona kuti golide, siliva ndi niobium weniweni sakokedwa, koma ndani wa ife anayesapo chimene anagula pa Small Street? Zambiri ndi chitsulo chopakidwa pamwamba, ndipo ngakhale tcheni chabwino chimatha kukhala ndi kasipuling'i kachitsulo pa chokowera chake. Komanso makinawo amatumiza mafunde amene angatenthetse chitsulo chilichonse mpaka kuwotcha khungu, ndipo chitsulo chimawononga chithunzi, moti dokotala saona bwino chimene mwadikirira miyezi yonseyi. Vulani zonse popanda kukambirana: mphete ya ukwati, ndolo, wotchi, mapini a m'tsitsi ndi a m'wigi, makiyi, makobidi, foni ndi makadi a ku banki.

Pa za mikanda ya m'chiuno ndi zithumwa ndilankhula mwaulemu, chifukwa ndikudziwa kuti ndi nkhani ya m'nyumba ndipo munthu sakonda kuiulula kwa mlendo. Sindikuweruza chikhulupiriro cha munthu. Koma mikanda ina imamangidwa ndi kawaya kapena kachokowera kachitsulo, ndipo m'zithumwa zina mumakhala singano, lezala kapena khobidi zimene mwini wake sanazione n'komwe. Mayi, pemphani namwino wamkazi ndipo mumuuze pambali, iwo aona zambiri ndipo sadabwa. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Choopsa kuposa zonse ndi chitsulo chimene simungavule. Ambiri a ana athu kuno amawotcherera zitsulo, amadula ndi girayinda, amagwira ntchito m'magalaja, kawirikawiri opanda magalasi oteteza maso. Kachidutswa kachitsulo kamene kanalowa m'diso zaka zapitazo n'kuiwalika kangathe kusuntha m'makinawo ndi kuchititsa khungu, choncho uzani adokotala za ntchito yanu kuti ayambe akuunikani ndi X-ray. Nenaninso ngati munaomberedwapo ndi mfuti, ngati munaikidwa kachipangizo kothandiza mtima kugunda, ngati munachitidwa opaleshoni ya m'mutu, ngati muli ndi zitsulo zolumikiza mafupa, kapena ngati ndinu oyembekezera. Zambiri mwa izi siziletsa kuunikidwa, koma woyenera kugamula ndi dokotala, osati inu.

Ndikudziwa chimene chimatichititsa kuyankha kuti ayi pa funso lililonse. Timaopa kuti tikavomera kanthu atibweza, timachita manyazi kuti Chingerezi kapena Chizulu chatipita, ndipo ena amafuna kutuluka msanga m'maofesi chifukwa cha nkhawa ya mapepala. Koma pepala la MRI likufunsa za chitsulo cha m'thupi mwanu, ndipo kugwedeza mutu pa funso limene simunalimve ndi kusasamala kumene sindingakukhululukireni. Ngati simunamve, nenani kuti simunamve, kapena tengani munthu wa mumpingo kapena wa m'bungwe la maliro kuti akumasulireni. Ndipo iwe woperekeza, khala pa benchi panja. Ngakhale wodwala wako akuitane, usadutse chitseko chimenecho mpaka wogwira ntchito atakufufuza ndi kukuloleza.

Mnyamata uja anavula zonse, ndinamusungira m'thumba la jekete langa, ndipo anaunikidwa bwinobwino. Titabwerera kunyumba ndinatenga kamaginito ka pa chitseko cha firiji n'kukayandikiza pa chibangili chija iye akuona, ndipo chinamatirira nthawi yomweyo.