Dola, dola, mpaka liti?

Lero ku Limbe ndapeza sopo wakweranso mtengo. Wogulitsa akuti, "Mayi, ndi dola." Mafuta ophikira, dola. Feteleza, dola. Ngakhale tomato wa ku Bvumbwe, dola!

Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ati kuti katundu wathu ayende malonda kunja. Katundu wake uti? Fodya yemweyo, tiyi wa ku Thyolo, ndi nandolo wopita ku India? Nanga mlimi wa nandoloyo wapindulanji, poti mavenda amamugula pa mtengo wolira? Mashelefu angodzaza zochokera ku South Africa. Ku Nyambadwe majenereta akulira, ife ku Ndirande tikugula shuga wa m'timapepala. Zikundiwawa kwambiri. Ndabwerako ndi sopo mmodzi, mafutawo ndawasiya.