Za khansa ndi shuga: tisapotoze zimene asayansi anapeza

M'zaka za m'ma 1920, wasayansi wa ku Germany, Otto Warburg, anapeza kuti maselo a khansa amadya shuga wambiri kuposa maselo abwinobwino, ndipo amamugaya mosamaliza n'kutulutsa asidi wotchedwa lactate ngakhale mpweya wa okosijeni ulipo wokwanira. Njira imeneyi imapereka mphamvu yochepa, koma selo limene likugawikana mofulumira limapezamo zipangizo zomangira maselo atsopano. Warburg ankakhulupirira kuti apa ndiye pamene khansa imayambira. Lero tikudziwa kuti kawirikawiri kusokonekera kwa majini, omwe ndi malangizo a chibadwa a m'kati mwa selo, ndiko kumasintha kadyedwe ka selo.

Ine ndimaulemekeza kwambiri kafukufuku wa kadyedwe ka maselo a khansa chifukwa zipatso zake zikuoneka. Makina ojambulira a PET amaonetsa pamene chotupa chabisala potsatira shuga wapadera amene wodwala amabayidwa, popeza maselo a khansa amamumeza msanga. Mu 1948, dokotala Sidney Farber wa ku Boston analengeza kuti khansa ya m'magazi mwa ana inabwerera m'mbuyo kwa kanthawi atawapatsa mankhwala otsekereza folate, vitamini amene maselo amafuna kuti agawikane, ndipo methotrexate, amene amagwira ntchito mofananamo, akugwiritsidwabe ntchito mpaka pano. Mu 2017 ndi 2018, dziko la America linavomereza mankhwala olimbana ndi enzyme ya IDH, puloteni yothandiza selo kugaya chakudya, imene imasokonekera m'mitundu ina ya khansa ya m'magazi.

Chimene chimandipweteka mtima ndi mauthenga amene amazungulira pa WhatsApp, onena kuti wodwala akasiya shuga ndi nsima ndiye kuti khansa ifa ndi njala. Mauthengawa amatenga chidutswa cha choonadi n'kusiya mbali yofunika kwambiri. Thupi silingalole kuti shuga athe m'magazi, chifukwa ubongo umamufuna nthawi zonse, choncho munthu akasiya kudya, chiwindi chimapanga shuga kuchokera ku mapuloteni, kuphatikizapo a m'minofu ya wodwalayo. Kuwonjezera apo, maselo a khansa amathanso kudya mafuta ndi glutamine, chimodzi mwa zipangizo zimene thupi limapangira mapuloteni.

Chotero amene amavutika ndi wodwala, amene mwina waonda kale ndipo akufunika mphamvu kuti apirire mankhwala a kuchipatala. Kuchepetsa zotsekemera n'kwabwino, pakuti kunenepa kwambiri kumawonjezera chiopsezo cha mitundu ina ya khansa, koma kumeneko n'kupewa, si kuchiza. Abale amene mukudwazika matendawa, funsani adokotala musanachotse chakudya chilichonse m'mbale ya wodwala wanu.